Muyeso Wosowa Mwini

Amene simunamve babatoni wa Yotamu Mwale akulira musamanene kuti munamvapo nyimbo. Munamva udzudzu. Chinthu chimenecho chikalira kwa Kalumphira, ng'ombe za kuseri kwa phiri zinkasiya msipu, ndipo pa ukwati wina mtsuko wa thobwa unang'aluka wokha pakati anthu akuona. Wotsutsa atsutse, mapale ake alipo mpaka lero.

Kwa inu okulira m'tauni, babatoni ndi chigitala cha waya mmodzi. Kumunsi kuli ng'oma ya chikopa cha ng'ombe, m'ng'omamo amabayamo mtengo wautali umene timati khosi, ndipo waya amayenda pamwamba pa khosilo kuchoka kuno mpaka uko. Woimba amakhalira ng'omayo, dzanja ili kamtengo komenyera, dzanja ilo botolo loyendetsa pa waya.

Tsono babatoni wa Yotamu anali ndi nthenda imodzi, ndiyo khosi. Analisema ku bulugamu wosauma bwino, ndipo tsiku limene anaikapo waya wa m'tayala la lole n'kumukunga, khosi linayamba kugwada. Pang'onopang'ono linapindika ngati uta. Mawu aja oswa mitsuko anasanduka a tonde wachimfine. Analiwamba pamoto, analipsinja ndi miyala, analikhomera thabwa kumimba, koma akangokunga waya, khosi nalo weramu.

"AMwale," ankatero mkazi wake Nankhoma akupeta pakhonde, "chinthu chanuchi chaphunzira ulemu kuposa mwini wake. Chikangoona anthu chikugwada."

"Sekani, Nankhoma. Tsiku limene ndidzachiwongole mudzavina mpaka chitenje kugwa."

"Chidzagwa ndi ukalamba chitenjecho."

Mwezi womwewo kunagwa maliro a Sandalamu, munthu wamtali kuposa onse m'deralo, woti akafuna kuyetsemula ankayamba watuluka panja kuopa kuboola denga. Yotamu anali mkamwini pamudzipo, wopanda magazi ndi malemu, choncho anamuika m'gulu la adzukulu, anthu okumba manda aja. Mkulu wa adzukulu anali a Dzimbiri, nkhalamba ya pakamwa pakuthwa, yoti inakwirira anthu ambiri kuposa amene inawapatsa moni.

Kwathu kuno adzukulu sakumba mongoganiza. Amayamba ayeza malemu ndi bango kuyambira kumutu mpaka kuchidendene. Bangolo amapita nalo kumanda, kuligoneka pansi, kutema dothi ndi khasu kumutu ndi kumapazi, kenako n'kukumba. Bango limenelo ndi muyeso, ndipo muyeso subwerera kumudzi. Amauthyola n'kuuponya m'dzenje momwemo, upite ndi mwini wake.

Koma bango lofika pa Sandalamu likapezeka kuti? Anafunafuna dambo lonse, mabango onse anali ana. Mapeto ake anasolola nsungwi kudenga la khitchini ya malemuwo, nsungwi yakale, yoderera ndi utsi, yopanda mphako, yowongoka yoti ukaiyang'ana maso amawongoka nawo. Yotamu atangoigwira, anaisirira. Anaipinda pabondo mobisa. Nsungwi osatekeseka, bondo ndilo linadandaula.

Nthawi yokwirira itakwana, a Dzimbiri anafuula osacheuka: "Iwe mkamwini, thyola muyesowo uponyemo!"

Yotamu anali kuseri kwa mulu wa dothi. Anatola nthambi youma, kuithyola kuti khotyo anthu amve, n'kuiponya m'dzenje. Nsungwi ija anaikankha ndi phazi, inalowa m'udzu cha kumalire a manda, kumene kumadutsa njira ya kudimba. M'mawa mwake anaitola ngati munthu wongodutsa.

Musaganize kuti anachita manyazi. Anali wokwiya ndithu. "Nsungwi ngati iyi idyedwe ndi chiswe, amoyo tikuvutika?" ankadzilankhulira panjira. "Sandalamu ali moyo sanandipatseko ngakhale fodya wapachala. Wafa, afunenso kupita ndi nsungwi? Akamangira chiyani kumeneko?"

Kunyumba anamasula waya, khosi analiwamba pamoto n'kulipanikiza pakati pa mitengo iwiri mpaka linawongoka. Kenako anatenga tchizulo n'kusema kangalande kumimba kwa khosilo, kuyambira kunsonga mpaka kumene limatulukira kuseri kwa ng'oma. Anagonekamo nsungwi. Inalowa ngati inabadwira momwemo, koma inatsalira kunja pafupifupi mkono wathunthu, poti Sandalamu sanali munthu wamasewera. Yotamu anatenga sowo n'kudula chotsaliracho. Kachidutswako anakaponya pamoto pamene Nankhoma ankaphika nyemba.

Nsungwi ikamapsa imaphulika, aliyense amadziwa. Iyi sinaphulike. Inangopuma, fuu, ngati munthu wotula katundu.

"Nkhuni yanjiyi?" anafunsa Nankhoma.

"Nkhuni ndi nkhuni, phikani."

Anazenga khosi lonse ndi timizere ta chikopa chonyowa, pamwamba n'kukulunga linya, ulusi wa m'matayala uja, n'kuliika padzuwa. Chikopa chitauma chinaluma nsungwi ndi mtengo mpaka zinakhala thupi limodzi. Anabwezera waya. Anakunga, khosi chilili. Anakunganso mpaka waya kulira yekha ndi mphepo, khosi chilili. Atamenya kamodzi, nkhunda za mudzi wonse zinauluka, ndipo gogo wina wogontha kuyambira nthawi ya dzombe anatuluka m'nyumba kufunsa amene akumuitana.

"Nanga chitenje chija?" anatero Yotamu.

Nankhoma anaseka, koma sanavine. "Akulira bwino," anatero. "Kungoti akulira ngati akufunsa."

Zachilendo zinayamba pang'ono. Yotamu ankasiya babatoni atamuimika pakhoma, koma akabwera kumunda ankamupeza atagona pansi. Anakalipira mbuzi. Kenako anaona kuti nkhuku, zimene zimalumpha chilichonse, zikafika pa khosilo zinkazungulira. Galu wapakhomo anasamuka osatsanzika, anakakhala kwa anthu oyandikana nawo.

Tsiku lina masana, dzuwa lili paliwombo, Kenala wogulitsa kachasu anabwera akukuwa. Iye anagona pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake, ndipo podzuka anapeza babatoni atagona pambali pake, khosi litatsata msana wake, nsonga ili pamutu. Mapazi a Kenala anapitirira pang'ono.

"Masewera anjiwa, Yotamu? Ukundigonekera chigitala chako ngati mkazi?"

"Iwe ndiwe wakuba! Wakoka chinthu changa m'fumbi, taona chikopa chakalika!"

Anatsala pang'ono kumenyana. Koma atachotsa babatoni, pansi panali potemedwa pawiri, kumutu ndi kumapazi, ngati wina wagwetsapo khasu. Kenala anati ndi nkhumba. Nkhumba kwa Kalumphira kunalibe.

Mawa lake zinagwera mayi wina wamfupi wogulitsa tomato, amene anawodzera pa chiguduli pamsika wapanjira. Kwa iyeyo khosi ndilo linapitirira. Pansi potemedwa pawiri. Kenako mnyamata wodwala malungo, kenako mphunzitsi wopuma ntchito. Palibe anaonapo babatoni akuyenda. Munthu ankangotseka maso, potsegula chili pambali, chete, ndipo m'makutu mukumveka kulira kwapansipansi ngati kwa njuchi zili m'mphako. Anthu anasiya kugona masana. Ofuna kupuma ankapuma chokhala, atatsamira khoma, maso tong'o.

Yotamu anakwiya koopsa. Kwa iye nkhani inali ya nsanje basi. "Zaka zonsezi khosi likugwada ankandiseka. Lero lawongoka, ayamba kundibera n'kumandinamizira ufiti. Mkamwini asakhale ndi kanthu kabwino pamudzi pano?" Anamanga babatoni kunsanamira ya khonde ndi tcheni cha njinga, n'kulokapo loko. Madzulo anapeza tcheni chili chimangire, loko ali chitsekere, babatoni ali kudambo pambali pa m'busa wa ng'ombe.

Ndiye makasu anayamba kusowa. Osati onse, amphamvu okhaokha, a mipini yatsopano. Munthu asiya khasu pakhonde, alowa kukamwa madzi, potuluka palibe. Mudzi wonse unali pakamwa pokhapokha, uyu kuloza uyu.

Tsiku la zoopsa, Yotamu analawira kudimba. Pobwerera, mame asanaume, anakumana ndi anthu panjira. Anali amuna ndi akazi, gulu ndithu, osadziwapo ndi mmodzi yemwe. Amayi anasenza timitolo ta nkhuni ndi timbale ta ufa monga amachitira opita kumaliro. Ankayenda mondondozana, osalankhula, ndipo udzu umene ankadutsamo mame ake sankagwa.

Bambo amene anali kutsogolo anaima n'kuwomba m'manja mopepuka. "Zikomo, bambo. Kusiwa n'kuti?"

"Kuno kulibe maliro. Sandalamu tinaika kale, mwachedwa."

"Si ameneyo ayi."

"Ndiye mwasochera."

"Tidikira," anatero bamboyo.

Anamutsata. Atafika pakhomo pake, alendo aja anatula nkhuni zawo kumapeto kwa bwalo n'kukhala pansi, amuna uku, akazi uko, miyendo tambalale, mitu pansi. Yotamu anawathamangitsa ndi mawu onse amene ankawadziwa, ena ochita kubwereka. Iwo ankangoyankha motsitsa: "Pepani, bambo. Pepani."

"Mukundipepesa chiyani? Ndaferedwa ndani ine? Chokani pakhomo panga!"

"Pepani."

Nankhoma anasuzumira pakhomo, n'kubwerera. "AMwale, anthuwa ndiwapatse madzi?"

"Musawapatse kanthu! Akamwa adzafuna ndi ndiwo."

"Mutu ukundilemera," anatero Nankhoma. "Ndikamaliza kusinja ndigoneko pang'ono."

Yotamu sanamve n'komwe, anali kalikiliki kutukwana alendo. Ali mkati motero, a Dzimbiri anatulukira, ndodo ili m'manja, nkhope ngati mvula ya mkuntho. Anayang'ana alendo aja kamodzi, sanawapatse moni, ndipo sanawayang'anenso. Anapita molunjika pakhonde pamene panali babatoni, kumugubuduza, n'kukanda chikopa chapakhosi ndi chikhadabo mpaka nsungwi inaonekera.

"Ndaona potemedwa paja kwa Kenala ndi kumsika," anatero. "Kutema kumeneko ndi kwathu, kwa adzukulu. Makasu osowa aja ndawapeza, andandalikidwa kumalire a manda, mipini yaloza kumudzi. Iwe mkamwini, chimene unathyola tsiku lija n'chiyani?"

Yotamu anatukula chifuwa. "Nthambi. Nanga nsungwi yabwinobwino iwolere pansi? Sandalamu akuifuna abwere adzandipemphe."

"Chitsiru cha munthu! Akanakhala Sandalamu bwenzi nkhani ili yaing'ono. Tikanapita ndi ufa, kupepesa, kukwirira nsungwi yake pamanda pake, basi. Bwera kuno." Anamukokera pabwalo, kutali ndi khonde, n'kutsitsa mawu. "Sandalamu anali wamtali kuposa khosi lako lija. Yalowamo bwanji?"

"Ndinadulako."

A Dzimbiri anakhala pansi pomwepo, m'fumbi. "Chidutswa chili kuti?"

"Tinaphikira nyemba."

"Mayo ine. Unaphikira nyemba." Nkhalamba inagwira mutu. "Tamvera, mwana wa eni. Muyeso umene wagona pambali pa mtembo n'kukalemba dothi la kumanda ndi muyeso mpaka kale. Uli wathunthu unali wa Sandalamu. Waudula, si wakenso. Tsopano ndi muyeso wa dzenje losakumba, ndipo ukuyenda kufuna mwini wake. Amene uti umukwane, kumutu ndi kumapazi, alendo akowa abwerera iyeyo."

Yotamu anafuna kuseka. Anacheukira pakhonde. Babatoni panalibe.

Mtondo nawo unali utasiya kulira.

Anathamangira kuseri kwa nyumba. Nankhoma anali atagona chagada pamphasa pafupi ndi mtondo, manja ali m'mbali, gaga ali m'tsitsi. Babatoni anali pambali pake. Nsonga ya nsungwi inali pa liwombo lake, tsinde lake pa chidendene. Sipanatsale ngakhale malo olowetsa tsamba la udzu. Pansi, kumutu ndi kumapazi, dothi linali litatemedwa kumene, lofiira, lonyowa.

"Nankhoma! Nankhoma, dzukani!"

Anatsegula maso pang'ono. "Ndisiyeni, aMwale. Tulo take n'tabwino." Mapazi ake anali ozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Kubwalo kuja alendo anayamba kung'ung'udza nyimbo, pansipansi, yopanda mawu.

Mbiri inathamanga. Woyamba kufika anali a Nachisale, mayi a Nankhoma. Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana, akakumana panjira mmodzi amapatukira kutchire. Tsiku limenelo a Nachisale anamugwira Yotamu pamalaya, mphuno kugunda mphuno.

"Wamuyeza mwana wanga! Ndinakupatsa malo, ndinakupatsa munda, ndinapirira phokoso lako usana ndi usiku, iwe n'kumuyeza mwana wanga ngati thabwa?"

"Amayi, ine ndinayeza khosi, sindinayeze munthu!"

"Ithyole nsungwiyo!" anafuula wina m'gulu limene linali litadzaza kale pabwalo.

"Muithyole kuti ifupike?" anakalipa a Dzimbiri. "Zidutswazo zikakwana ana anu. Mukathyolanso zikakwana makanda ali kumsana."

Amayi onse anagwira ana awo.

"Tiotche!"

"Yapeza kale mwini. Mukaiotcha, apsa ndi iyeyu."

"Tikaitaye kumtsinje!"

"Yabwera yokha kuchoka patcheni, ilephere kubwera kuchokera kumtsinje?"

Yotamu anali atagwada pambali pa mkazi wake, akumutikita mapazi. Kuzizira kunali kutafika m'akakolo. Mantha anali nawo, koma chimene chinamudzaza pachifuwa chinali ukali. Kanthu kouma, kodyedwa ndi utsi, kamene iye mwini anakasema, kukamanga, kukapatsa mawu, lero kamulande mkazi? Anadzuka.

"A Dzimbiri, mwati kufupikitsa kumasintha mwini."

"Ndatero."

"Nanga kutalikitsa?"

Nkhalamba inakanda mutu. "Sindinaonepo. Koma ukalumikiza, ikhale nsungwi imodzi. Mfundo ikangomveka, ndi nsungwi ziwiri zogundana, ndipo yakale ikhalabe ya mkazi wako. Komanso dzuwa likalowa, anthu akowa ayamba kulira mokweza. Akayamba, ine ndikatenga khasu."

"Bweretsani nsungwi!" anakuwa Yotamu. "Zouma! Sololani kumadenga, phwasulani nkhokwe! Kenala, chikopa chako cha ng'ombe chija chiviike m'madzi otentha!"

Kunali yakaliyakali. Babatoni anakana kusuntha pambali pa Nankhoma, amuna amphamvu anayesa n'kulephera, choncho Yotamu anagwirira ntchito pomwepo. Anamasula waya. Anasenga nsonga ya nsungwi yakale mopendeketsa, yatsopano chimodzimodzi, kuzipala ndi galasi losweka mpaka zikakumana zisasiye mpata wa mpweya. Anaboola ndi msomali wamoto, kukhomamo tizikhomo ta nsungwi yomweyo, kuthira utomoni, kuzenga ndi chikopa, kuwamba ndi muuni kuti chiume msanga, linya pamwamba. Pansi pake anagonekapo mtengo wa bulugamu kuti khosi nalo litalike.

Atamaliza mfundo yoyamba, muyeso unapitirira Nankhoma ndi mkono. Pomwepo bambo wina wamtali anakuwa: "Iwe, pamenepo ndi pa ine! Wonjezera!"

Anawonjezera. Mayi wina anati: "Mlongo wanga wa ku Mchinji amathyola mapapaya ali chikhalire. Wonjezera!"

"Nanga ana osabadwa?" anatero a Nachisale, misozi ili mbwembwembwe. "Ukudziwa kuti adzatalika bwanji? Wonjezera, chitsiru iwe, wonjezera!"

Anawonjezera mpaka khosi linatuluka kuseri kwa nyumba, kudutsa pa mtondo, kupyola khola, kuwoloka njira ya kuchigayo, nsonga yake n'kukagona m'munda wa chinangwa wa eni ake. Munthu wa kunsonga akafuna kulankhula ndi wa kung'oma ankachita kutuma wanjinga. Waya anatenga yense amene anasunga kudenga, wa matayala a malole osawerengeka, kumulumikiza n'kumukunga amuna atagwirizana ngati akukoka ng'ombe m'thope.

Dzuwa linali litakhala pamwamba pa mitengo ya kumanda. Kuzizira kunali kutafika m'chiuno mwa Nankhoma, ndipo sankayankhanso. Yotamu, zala zikuchucha magazi, anakhalira ng'oma n'kumenya waya.

Mawu anatuluka, koma pakati pake panamveka kunjenjemera, zrrr, ngati ntchentche m'botolo.

"Ziwiri," anatero a Dzimbiri.

Nyimbo ya alendo inakwera pang'ono. Mmodzi mwa amayi aja anayamba kumasula mtolo wake wa nkhuni.

Yotamu anayenda chokwawa m'mbali mwa khosi, khutu lili pa nsungwi, akuuza Kenala kuti azimenya waya. Anapeza pamene pankanjenjemera. Inali mfundo yoyamba, pamene nsungwi ya kumanda inakumana ndi ya kumudzi. Utomoni unali utalavulidwa kunja wonse, ngati chakale chikukana chatsopano.

"Ukukana?" anatero Yotamu, akulankhula ndi nsungwi ngati munthu. "Ndinakutola m'udzu iwe, chiswe chikukudikira. Ndinakupatsa ulemu woimba pamaso pa anthu. Lero undichitire mwano pakhomo panga?"

Anadula chikopa chonse pamfundopo, kupalanso, n'kugwira nsonga ziwirizo ndi manja ake amagaziwo mpaka zinanyowa. Anazenga chikopa chatsopano akukoka ndi mano. Dzino linathyoka, analilavula, anapitiriza. Anawamba, anakulunga, anathamangira kung'oma. Dzuwa linali litatsala kachidutswa kofiira.

Anamenya.

Palibe anamva ndi makutu. Anamva m'mimba, m'mano, m'mafupa a m'chiuno. Madzi a m'mitsuko anavina, fumbi la pabwalo linadzuka lokha kufika m'mawondo. Mawu amodzi, osalala, opanda mfundo.

Nankhoma anayetsemula. Anadzuka n'kukhala tsonga, kuyang'ana khamu lonselo, kenako mtondo wake. "Ndani wasiya nkhuku zidye mphale yanga?"

A Nachisale anamugwera ndi kulira. Anthu anayamba kuseka, ena kululutira. Yotamu anakwera pa ng'oma n'kutambasula manja. "Mwaona? Abwere tsopano woti akwane pamenepa! Abwere!"

"Tsika," anatero a Dzimbiri motsitsa. "Taona alendo ako."

Alendo aja sanachoke. Anali ataimirira, onse atapenya kumunda wa chinangwa, ndipo nyimbo anali atasiya.

Kunali chisisira, nthawi imene munthu umamuona koma nkhope osaizindikira. Mphepo kunalibe, koma nsonga za mibawa ya kumtsinje zinapatukana, uwu uku, uwu uko, monga udzu umachitira munthu akamadutsa. Kunabwera fungo la dothi lakale, la pansi penipeni pamene khasu silinafikepo. Nyenyezi zoyamba zimene zinali zitatuluka kum'mawa zinazima, kenako zinayakanso, ngati chadutsa china pakati. Ena amati anaona mawondo pamwamba pa denga la khola. Ena amati sanaone kanthu, anangomva kupuma kuchokera kumwamba, kwa munthu wotopa amene wayenda ulendo wosayamba dzulo.

Kenako chinangwa chinayamba kugona. Chinagona kuyambira kunsonga ya khosi, udzu wa m'mbali mwa njira nawo unagona, mpanda wa khola unaphwanyika pang'onopang'ono, mtondo unagubuduka, mpaka mphasa imene Nankhoma anagonapo inalowa m'dothi ngati yapondedwa ndi chinthu cholemera. Zonsezo motsata khosi, kuyambira kunsonga mpaka kutsinde. Sipanatsale, sipanapitirire.

Kupuma kuja kunatuluka kamodzi, kwakutali, n'kusiya.

Apo alendo anayamba kulira maliro, mokweza, ngati anthu amene anadikira nthawi yaitali kuti alire.

A Dzimbiri anavula chipewa. "Muyeso wapeza mwini," anatero. "Amuna nonse, makasu ali kumanda."

Anakumba usiku wonse, akutukwana Yotamu khasu lililonse. Dzenje lake linayambira kumanda n'kukathera kumene kale kunali munda wa mtedza. Mtembo woti anyamule panalibe, manja ankangogwira mphepo yozizira. Ananyamula babatoni, amuna a mudzi wonse, ndipo anawalemera mpaka mapewa anasupuka, pamene alendo aja ankabwera pambuyo akulira.

Pamphepete pa dzenje, kukuyera, a Dzimbiri anatulutsa mpeni n'kuupereka kwa Yotamu. "Muyeso amathyola. Ulendo uno ndikuyang'ana."

"Ndichotseko ng'oma yokha. Chikopa chimenechi n'cha ng'ombe ya malume anga."

"Ayi."

"Waya yekha."

"Mkamwini, ukufuna tikagone kapena ukufuna tidzakumbenso mawa?"

Yotamu anayang'ana khosi lija, lowongoka ngati kuwala kwa dzuwa, loti silikanagwadanso mpaka dziko kutha. Sanaliimbepo ngakhale nyimbo imodzi yathunthu. Analowetsa mpeni pamfundo yoyamba ija n'kudula. Waya anaduka ndi kulira kumene kunagwetsa masamba a mitengo yonse ya kumanda, ndipo babatoni analowa m'dzenje. Pocheuka, alendo panalibe. Pamene anaima panali timilu ta dothi la chiswe ndi nkhuni zofumbwa.

Koma a Dzimbiri anali asanathane naye. Anagamula pomwepo kuti maliro alibe mwini wina koma amene anayeza. Choncho Yotamu anaphera adzukulu mbuzi yake yokhayo, anamanganso khola ndi nkhokwe za eni ake, ndipo pa tsiku lometa anayenera kumetedwa mpala ngati woferedwa. A Dzimbiri anakana kumumeta, ati lumo lawo silikhudza mutu wopanda kanthu mkati. Anamumeta Nankhoma, pakhonde, anthu odutsa akuseka.

"Koma Nankhoma, tandiuzani," anatero Yotamu, tsitsi likugwera pamapewa. "Ine ndikumetera yani? Dzina sindimudziwa. Nkhope sindinaione. Wabwera pakhomo panga osaodira, waphwanya khola, wadya mbuzi yanga, wapita ndi babatoni woti sadzapezekanso pansi pano. Ngakhale zikomo! Chilungamo chili pati pamenepa?"

Nankhoma anamugwira khutu n'kumutembenuza mutu. "Khalani phee, ndingakutemeni. Mukanakonda kumetera ine?"

Yotamu anaweramitsa mutu.

"Metani," anatero. "Kuseri kwa khutuku mwasiyako."